Mabwana anayi m'zaka ziwiri, giredi yatsika: ndipite ku HR kapena ndiyambe ndale?

Funso: Ndine injiniya wa mapulogalamu a pakompyuta pa kampani ina yaikulu ya zaukadaulo. M'zaka ziwiri zokha madipatimenti awasintha katatu, ndipo bwana yemwe ndili naye pano ndi wachinayi. Chaka chatha giredi yanga ya kagwiridwe ka ntchito inali yapamwamba, chaka chino yatsika, chikhalirecho ntchito ndikuigwira monga kale. Mphekesera zili ponseponse kuti akuluakulu awiri akukanganirana pulojekiti yathu. Kodi ndikadandaule ku HR, ofesi yoona za antchito? Kapena ndiyambe nawo ndale za mu ofesi, zomwe ine ndimadana nazo?

Yankho: Zikomo kwambiri polemba. Nkhani yanu yandikhudza chifukwa mbali zonse ziwiri ndinakhalako. Ndinakhalapo munthu amene giredi yake ikukambidwa iye palibe, ndipo patapita zaka ndinayamba kulowa m'chipinda momwe magiredi a anthu ena amakambidwira. Ndiyambire m'chipinda chimenecho, poti ndimo giredi yanu inatsikira.

M'makampani ambiri akuluakulu a zaukadaulo, bwana wanu sapereka giredi payekha. Amalemba maganizo ake, kenako amapita nawo ku msonkhano womwe amautcha calibration. Kumeneko mamanijala angapo amakhala pamodzi ndi mkulu wawo komanso munthu wa HR, mayina a antchito ali pa sikirini, n'kumawayerekeza mmodzi ndi mnzake. Munthu aliyense amakambidwa mphindi zochepa chabe. Magiredi apamwamba ndi owerengeka, chifukwa amayendera limodzi ndi bonasi ndi masheya, ndipo ndalama zimenezo zinaikidwa kale mu bajeti msonkhano usanayambe. Choncho manijala aliyense amalowa ali ndi anthu ake awiri kapena atatu mumtima omwe wakonzeka kuwamenyera nkhondo, ndipo ena onse amangowasiya pakati.

Tsopano taganizirani za bwana wanu wachinayiyu. Wakudziwani miyezi yowerengeka. Ntchito yaikulu yomwe munagwira kumayambiriro kwa chaka sanaione ndi maso ake. Manijala wina akamufunsa kuti, "Munthu ameneyu wachita chiyani chomwe wanga uyu sanachite?" iye alibe nkhani yoti afotokoze, alibe tsiku, alibe chitsanzo. Amakhala chete, dzina lotsatira n'kubwera pa sikirini. Palibe anakunenerani zoipa, koma panalibenso wokuyankhulirani. Anthu ambiri omwe ndawaona giredi ikuwatsikira pa nthawi yosintha madipatimenti, inatsika motere, ndipo zimandipweteka chifukwa kawirikawiri amakhala anthu akhama omwe amakhulupirira kuti ntchito yabwino imaoneka yokha.

Kachitidwe koyerekeza anthu kameneka kali ndi mbiri yake. Jack Welch ali mkulu wa General Electric anatchukitsa njira yogawa antchito patatu: 20 mwa 100 aliwonse apamwamba, 70 apakati, ndipo 10 apansi omwe ankayenera kuchoka. Microsoft inagwiritsa ntchito njira yofanana nayo, yotchedwa stack ranking, kwa zaka zambiri. Ngakhale timu yonse ikhale ya akatswiri okhaokha, wina ankayenera kugwera pansi basi. Mu 2012 magazini ya Vanity Fair inafalitsa nkhani momwe antchito akale a kampaniyo anafotokoza kuti njirayi inkachititsa akatswiri kupewa kukhala m'timu imodzi, poopa kuti mmodzi mwa iwo adzakhala wotsalira. Mu Novembala 2013 mkulu wa HR wa Microsoft, Lisa Brummel, analengeza kuti njirayi yathetsedwa. Makampani ambiri lero amati sakakamiza chiwerengero, koma malinga ngati ndalama za bonasi zili ndi malire, mpikisano m'chipinda muja sutha. Umangosintha dzina.

Nanga madipatimenti amasinthiranji kawirikawiri chonchi? Apa ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa mukamvetsa izi, mphekesera za akuluakulu awiri aja muzimva ndi makutu ena.

Kampani yaikulu ili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zodzigawira. Yoyamba ndi kugawa anthu potengera luso lawo: mainjiniya onse pansi pa mkulu mmodzi, okonza maonekedwe a zinthu pansi pa wina, otsatsa malonda pansi pa wina. Yachiwiri ndi kugawa potengera chinthu chomwe akupanga: chinthu chilichonse chili ndi mkulu wake, mainjiniya ake, otsatsa ake, ndi buku lake la phindu ndi kuluza. Steve Jobs atabwerera ku Apple mu 1997 anapeza kampani yogawidwa m'njira yachiwiriyi. Anachotsa mamanijala akuluakulu a magawowo, n'kuika kampani yonse pansi pa buku limodzi la phindu ndi kuluza, ndipo mpaka lero Apple imayenda mogawidwa potengera luso. Microsoft inali mbali inayo, magawo a Windows, Office ndi ena ali ngati makampani paokha. Mu Julayi 2013 Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft pa nthawiyo, analengeza dongosolo lomwe analitcha One Microsoft pofuna kugwetsa makoma amenewo. Mwezi wotsatira analengeza kuti apuma pa ntchito, ndipo mu Febuluwale 2014 Satya Nadella analowa m'malo mwake. Naye mu Malichi 2018 anasinthanso: gawo la Windows analigawa pakati pa magulu ena, ndipo mkulu wake, Terry Myerson, anachoka.

Njira iliyonse ili ndi nthenda yake. Mukagawa potengera luso, palibe mwini chinthu, ndipo mkangano uliwonse umakwera mpaka kwa mkulu wa kampani. Mukagawa potengera chinthu, magawo awiri amayamba kupanga chinthu chimodzi kawiri, aliyense akubisira mnzake. Kampani ikatopa ndi nthenda imodzi imathawira ku njira inayo, patapita zaka n'kubwereranso. Ndiye si kusintha kulikonse komwe kumabwera ndi njiru. Katswiri wina wa makompyuta, Melvin Conway, analemba mu 1968 kuti bungwe likamapanga makina kapena pulogalamu, chopangidwacho chimatengera momwe anthu a m'bungwemo amayankhulirana. Matimu atatu osayankhulana amatulutsa zidutswa zitatu zosalumikizana bwino. Mkulu wanzeru akafuna kuti pulogalamu isinthe maonekedwe, amayamba wasintha kakhalidwe ka matimu, ndipo kumeneko ndi kusintha koyenera. Ndi mmene zinalili mu Epulo 2023 pomwe Google inaphatikiza Google Brain ndi DeepMind, magulu awiri omwe onse ankafufuza za AI (luso lopangitsa makompyuta kuganiza ngati munthu), kukhala gulu limodzi pansi pa Demis Hassabis.

Koma katatu m'zaka ziwiri ndi nkhani ina. Kusintha kwa madipatimenti kumafuna miyezi yambiri kuti anthu akhazikike, adziwane, ntchito iyambenso kuyenda. Kampani ikamasintha kusintha koyamba kusanabale kanthu, kawirikawiri ndiye kuti pamwambapo pali funso lomwe silinayankhidwe, ndipo funsolo ndi lakuti mwini wake wa ntchito imeneyi ndani. Mphekesera zomwe mwamvazo ndikuzikhulupirira.

Musaganize kuti akuluakulu awiriwo akukangana chifukwa chodana chabe. Pa mlingo wawo, mphamvu imayezedwa ndi zinthu zitatu: chiwerengero cha anthu omwe ali pansi pako, kukula kwa bajeti, ndi kuyandikira kwa ntchito yako ku chinthu chomwe mkulu wa kampani akuchitchula kawirikawiri chaka chimenecho. Mkulu amene ali ndi anthu mazana angapo ndi pulojekiti yomwe ili pakamwa pa aliyense, ndiye amene amakwezedwa. Mnzake amene walandidwa pulojekitiyo amadziwa kuti dipatimenti yake ndiyo idzayambe kudulidwa pa nthawi yochepetsa antchito. Choncho pulojekiti yanu ikulimbiranidwa chifukwa ndi yamtengo, ndipo zimenezo zili ndi ubwino wake kwa inu. Vuto ndi lakuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mikangano yotereyi imafika ngakhale pamwamba penipeni: kumapeto kwa Okutobala 2012 Apple inalengeza kuti Scott Forstall, mkulu wa iOS, pulogalamu yoyendetsa mafoni a iPhone, achoka, ndipo ntchito zake zinagawidwa kwa akuluakulu anzake atatu, Jony Ive, Eddy Cue ndi Craig Federighi. Patangotha milungu iwiri, Steven Sinofsky, mkulu wa Windows, anachoka ku Microsoft, Windows 8 itangotuluka kumene. Pansi pa aliyense wa amenewa panali mainjiniya ambirimbiri omwe anadzuka m'mawa ali ndi bwana watsopano, ngati inu.

Palinso chifukwa china chomwe mabwana akusinthira mofulumira zaka zino. Mu Malichi 2023 Mark Zuckerberg analengeza kuti Meta, kampani yake yomwe ndi mwini wa Facebook, ichotsa anthu enanso 10,000, kuwonjezera pa 11,000 a mu Novembala 2022, ndipo ananena poyera kuti akufuna kuchepetsa masitepe a mamanijala, ena mwa iwo abwerere kukagwira ntchito ndi manja awo. Mu Sepitembala 2024 Andy Jassy, mkulu wa Amazon, anapempha magulu ake kuti chiwerengero cha antchito wamba poyerekeza ndi mamanijala chikwere ndi 15 peresenti. Mamanijala akachepa, wotsalayo amayang'anira anthu ambiri, ndipo nthawi yodziwa ntchito ya munthu aliyense imachepa. Google inayesapo kuchotseratu mamanijala a mainjiniya mu 2002, koma zinangotha miyezi yochepa, chifukwa anthu anayamba kupita kwa Larry Page yemweyo, mmodzi mwa oyambitsa kampaniyo, ndi mikangano yawo ndi nkhani za ndalama zogwiritsira ntchito. Manijala ndi wofunika, ndipo inu mwakhala zaka ziwiri ngati mulibe.

Tibwere ku HR. Ndikuuzani mosabisa: pa nkhani ya giredi, musayambire kumeneko. Anthu a HR ambiri omwe ndagwira nawo ntchito ndi achifundo ndithu, ndipo ena ndinawaona akugwetsa misozi pa tsiku lochotsa anthu ntchito. Koma udindo wawo ndi kuteteza kampani ndi kuonetsetsa kuti ndondomeko yatsatidwa. Munthu wa HR analipo m'chipinda muja giredi yanu ikuperekedwa, ndipo kwa iye ndondomeko inatsatidwa. Mukapita ndi mawu akuti "sizinachitike mwachilungamo," adzakumverani mwaulemu, adzalemba, kenako adzafunsa bwana wanu. Bwana amene simunayankhule naye n'komwe adzamva koyamba za kusakondwa kwanu kuchokera ku HR, ndipo ubale womwe mukuufunitsitsa panopa udzayamba ndi bala.

Pali nkhani zina zomwe ku HR muyenera kupita osazengereza: ngati wina akukuzunzani kapena kukufunani zachisembwere, ngati mukusalidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, msinkhu, ulumali, kapena chifukwa ndinu mayi, ngati giredi inatsika mutangodandaula za cholakwa china kapena mutangotenga tchuthi cha matenda kapena cha uchembere. Ngati mwa izi muli chimodzi chokukhudzani, yankho langa likusintha: lembani madeti, sungani maimelo, perekani dandaulo lolemba, ndipo funsani loya wodziwa malamulo a ntchito a dziko lomwe mukugwirako. Ndikunena za kulemba chifukwa HR nayo imalephera. Mu Febuluwale 2017 Susan Fowler, yemwe anali injiniya ku Uber, analemba poyera kuti atakanena za bwana wake amene ankamufuna zachisembwere, anauzidwa kuti munthuyo ndi wochita bwino kwambiri pa ntchito ndipo aka n'koyamba, choncho angochenjezedwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chomwe chinapatsa mphamvu nkhani yake n'chakuti ankasunga umboni. Kafukufuku anachitika, anthu oposa 20 anachotsedwa ntchito, ndipo mu Juni chaka chomwecho Travis Kalanick anatula pansi udindo wa mkulu wa kampaniyo.

Chomwe HR ingakuthandizeni panopa popanda kukangana ndi aliyense ndi chidziwitso. Afunseni momwe magiredi amaperekedwera munthu akasintha bwana pakati pa chaka, ngati maganizo a bwana wakale amayenera kulowa, komanso malamulo osamukira ku timu ina. Mafunso amenewa ndi ufulu wanu, ndipo amayankhidwa mosavuta.

Tsopano za ndale. Mwati mumadana nazo, ndipo ndikumvetsa. Koma pansi pa dzina limodzili pali zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pali ndale zoipa: kuba ntchito ya mnzako n'kuitcha yako, kubisa chidziwitso, kudyera anzako miseche kwa bwana, kuuza akuluakulu zokhazo zomwe akufuna kumva. Zimenezo pitirizani kudana nazo, chifukwa zimapha ngakhale kampani yaikulu. Akatswiri awiri, Timo Vuori ndi Quy Huy, anacheza ndi anthu 76, kuphatikizapo mamanijala ndi mainjiniya a Nokia, pofufuza chomwe chinagwetsa kampaniyo pa msika wa mafoni. Anapeza kuti mamanijala apakati ankaopa akuluakulu awo mpaka kumabisa mavuto a Symbian, pulogalamu yoyendetsa mafoni awo, ndi kumalonjeza zomwe ankadziwa kuti sizitheka. Pomwe choonadi chimafika pamwamba, nthawi inali itatha, ndipo mu 2014 bizinesi ya mafoni ya Nokia inapita m'manja mwa Microsoft.

Koma pali chinthu chachiwiri chomwe anthu akhama amachitcha ndale pomwe si ndale: kuonetsetsa kuti anthu opanga ziganizo zokhudza moyo wanu akudziwa zoona zake za ntchito yanu. Pa kampani ya anthu makumi awiri, aliyense amaona zomwe mnzake akuchita. Pa kampani ya anthu zikwi makumi angapo, palibe amene angaone. Kumupatsa bwana wanu mfundo zoona zoti akanene m'chipinda muja si chinyengo. Ndi kumuthandiza kugwira ntchito yake, ndipo mukapanda kutero, malo anu amatengedwa ndi munthu wolongolola amene mwina wachita zochepa.

Choncho sabata ino pemphani nthawi yokhala pansi ndi bwana wanu. Musapite kukatsutsa giredi, chifukwa ikatuluka m'chipinda muja sikawirikawiri kusinthidwa. Pitani ndi funso lakuti, "Bwana, pokambirana za ine, n'chiyani chomwe chinasowa kuti ndifike pa giredi yapamwamba, ndipo mukufuna muone chiyani miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi?" Mvetserani bwino, ngakhale zikhale zowawa. Mwina mudzamva kuti zomwe bwana wakale ankaziona zofunika, watsopanoyu sakuziwerengera, chifukwa zolinga za dipatimenti zasintha. Izi zimachitika kwambiri: munthu amapitiriza kuchita bwino ntchito yomwe kampani inasiya kale kuiyang'ana. Zomwe mwagwirizanazo zilembeni mu imelo yaifupi, mumutumizire tsiku lomwelo, kuti pakadzabwera bwana wachisanu mudzakhale ndi chomuonetsa.

Yambaninso kusunga chikalata chanuchanu cha zomwe mwachita. Mlungu uliwonse lembani mizere ingapo: vuto linali chiyani, munachitapo chiyani, chinasintha n'chiyani kwa makasitomala kapena kwa matimu ena, ndi ndani angachitire umboni. Musalembe kuti munalemba pulogalamu yakutiyakuti basi. Lembani chomwe pulogalamuyo inapulumutsa kapena kufulumizitsa. Ine ndinaphunzira izi mochedwa. Pa kampani ina yomwe ndinagwirako, ndinatha pafupifupi chaka chathunthu ndikukonza makina akale omwe aliyense ankawaopa, ndipo bwana amene anandituma anasamutsidwa nthawi ya magiredi itayandikira. Wolowa m'malo mwake ankangodziwa kuti makinawo savuta. Sankadziwa kuti savuta chifukwa cha ine. Ndinalira chamumtima miyezi ingapo, ndipo kuyambira pamenepo bwana aliyense watsopano ndimamupatsa tsamba limodzi la ntchito zanga mlungu woyamba. Mabwana anu akale atatu aja, ngati akadali pa kampaniyo, apempheni alembere bwana watsopanoyu mawu ochepa. Ambiri amavomera mosangalala.

Pa mkangano wa akuluakulu awiriwo, musalowe timu ya aliyense. Simukuona makhadi onse omwe ali m'manja mwawo, ndipo amene akuoneka wopambana lero akhoza kuchoka mwezi wamawa. Mukafunsidwa maganizo, yankhulani za ntchito: njira iyi itichedwetsa chifukwa chakuti, njira iyo ili ndi chiopsezo chakuti. Zomwe mwanena kwa mbali imodzi zikhale zomwezo zomwe munganene kwa mbali inayo. Pa mapulogalamu olemberana mauthenga pa ntchito, monga Slack kapena Teams, musalembe kanthu za munthu komwe simungakonde kuti iye akawerenge, chifukwa zolembedwa pa makina a kampani ndi za kampani. Ndipo dziwanani ndi anthu a kunja kwa timu yanu, makamaka omwe amagwiritsa ntchito zomwe inu mumapanga. M'chipinda cha calibration, mawu a manijala wina akuti "ameneyu anatithandiza kwambiri" amalemera kuposa a bwana wanu, poti aliyense amadziwa kuti bwana amayankhulira wake.

Kodi mudikire mpaka liti? Ine ndinganene kuti nyengo imodzi ya magiredi, mutachita zonsezi. Pa nthawi imeneyo yang'anani zinthu zitatu. Kodi bwana wanu akusunga zomwe munagwirizana? Kodi pulojekiti yapeza mwini mmodzi wodziwika, woti akanena kanthu kamachitika? Kodi anthu omwe mumawalemekeza pa luso akukhala kapena akuchoka mmodzimmodzi? Ngati mayankho ali oipa, yambani ndi kufufuza timu ina m'kampani momwemo, chifukwa pa kampani yaikulu dipatimenti ina imasiyana ndi inzake ngati makampani awiri. Chitani zimenezo giredi isanatsikenso, popeza makampani ambiri salola munthu wa giredi yotsika kusamukira ku timu ina, ndipo manijala wolandira amayang'ana magiredi aposachedwa. Posankha timuyo, musakopeke ndi dzina la pulojekiti lokha. Funsani kuti manijala wake wakhala pa mpandowo nthawi yaitali bwanji, ndi anthu angati a m'timu yake omwe akwezedwa iye ali pomwepo, ndipo kacheze ndi mmodzi mwa iwo musanavomere kusamuka.